Mpata wa Pakati pa Dyness ndi Kondwa

Jeppe, Joni
6 Ogasiti 2023

Amai,

Landirani moni. Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikupita ku ntchito. Zinazo tisafunsane. Ndikhulupirira kuti mwendo wanu uja waphwa, ndiponso kuti chimanga simunachipereke chonse kwa anthu a masikelo onama aja a pamsewu.

Kalata yanu yafika Lachinayi ndi ba Chileshe, kondakitala wa basi ya ku Lusaka. Mau ndi anu, ndawazindikira, koma dzanja ndi la mng'ono wanga Tisauke. Ndikudziwanso kuti ino akukuwerengerani ndi iye yemweyo, poti maso anu adakana zilembo zazing'ono. Iwe wowerenga, werenga zonse. Usadumphe mzere.

Mwafunsa chifukwa chake sindiimba foni. Kodi foni ya pakhomo panu imagona m'thumba la yani? Ndi foni yomweyo imene inandilembera chaka chatha kuti, "Sisi, atate bali bwino manje, badya na phala, musavutike kubwera." Patapita masiku anayi ndinaona bokosi la atate pa Fesibuku ya munthu wa kutchalitchi, ndili pa ntchito, manja ali inki yokhayokha. M'chithunzi chomwecho munali mng'ono wanga, mimba itafika pakhosi, Lyford atamugwira paphewa. Lyford yemwe uja adandipatsa chikole inu mukuona, yemwe malata a nyumba yathu ndi iye ndiwo adandibweretsa kuno. Maliro ndi ukwati ndinazimva tsiku limodzi, m'foni ya eni.

Tsopano nkhani yanu. Mwati mwala wa pamanda a atate udzavundukulidwa pa 21 Okutobala, ndipo mwalonjeza kale abale a ku Katete kuti aliyense adzavala tisheti ya nkhope ya atate, poti "mwana wanga wa ku Joni ndiye ntchito yake." Ndi ntchito yangadi. Tsiku lonse ndimakhala m'kachipinda kopanda windo, kukonza masikirini odindira matisheti a anthu osawadziwa. Koma mukanayamba mwandifunsa musanalonjeze.

Kubwera sindibwera. Mapepala anga ali ndi nkhani yake, ndikangotuluka pa boda sadzandilolanso kulowa. Matisheti makumi anayi sindingatumizenso, ba Chileshe akuti katundu wotere pa boda amamuyesa wamalonda. Ndiye tichite chonchi: achimwene a Dingani, poti ali ku Lusaka, agule matisheti oyera ku msika wa Kamwala. Ine nditumiza zipangizo, mudinde komweko ku Bundabunda. Si zovuta. Munthu amene adatha kubisa mimba miyezi isanu ndi iwiri, tisheti singamukanike.

Nditumizireni chithunzi cha atate chija adavala jekete ya bulauni, ataima pa ngolo. Cha m'chipatala ayi.

Ndaikamo ma randi 600. Ndi a mankhwala a mwendo wanu, si a matewera.

Ndine mwana wanu,
Dyness


Jeppe, Joni
27 Ogasiti 2023

Amai,

Moni wa ku Joni. Chifuwa chandigwira pang'ono chifukwa cha fungo la mankhwala otsukira. Musachiike pa mapemphero, muli nazo zambiri kale.

M'katoni muli masikirini awiri. Akuoneka ngati sefa ya ufa yokhomedwa pa felemu yathabwa, koma chonde musasefere ufa. Muli botolo la mankhwala obiriwira, timawatcha imalishoni, chopalira cha labala, inki yakuda, ndi pulasitiki yoonekera mkati imene pali nkhope ya atate ndi maina. Imeneyo ndi filimu. Ndi imodzi yokha, muisunge m'Baibulo lalikulu lija.

Iwe wowerenga, tchera khutu, sindibwereza.

Tsuka sikirini imodzi ndi sopo wa mbale, iume. Lowa m'chipinda cha amai, utseke chitseko, pawindo upachike bulangete, chifukwa mankhwalawa amaopa kuwala. Upake mopyapyala mbali zonse ziwiri, osati ngati majarini pa buledi wa mlendo. Uilowetse pansi pa bedi, iumire mumdima mpaka mawa lake.

Dzuwa likafika pamutu, yala nsalu yakuda pa thabwa, uikepo sikirini, pamwamba pake filimu, moitembenuza kuti zilembo ziwerengeke chobwerera m'mbuyo. Upanikize ndi galasi la pawindo. Zonsezi uchitire m'nyumba, potuluka uphimbe ndi bulangete. Pabwalo vundukula, werenga mpaka makumi anayi, phimbanso. Kumeneko ndiye kuwotcha sikirini. Kuno timawotchera m'bokosi la nyali za UV mphindi khumi ndi ziwiri, poti bwana adagula ndi ndalama zambiri chimene ku Bundabunda Mulungu amangomwaza chaulere.

Ukatero pita pamthunzi, uzithira madzi ozizira pang'onopang'ono. Pamene dzuwa lamenya, mankhwala amauma gwa, sachoka. Pamene zakuda za pa filimu zinabisa, amasungunuka, pamatseguka, ndipo inki idzadutsira pomwepo. Zobisika ndizo zimadzatuluka pa malaya. Pamenepa sindiyenera kukuphunzitsa zambiri.

Amai, ndikuuzeni ndekha musanamve kwa wina. Pansi pa nkhope palembedwa Sanford Miti ndi zaka zao, kenako mkazi wao Nelesi, kenako ana. Mukawerengetsa mupeza Dingani, Dyness, Kondwa. Pakati pa ine ndi Kondwa pali mpata. Makina sanalakwitse. Mnzanga Nchimunya, wa ku Monze, amene amakonza mafilimu pa kompyuta, analemba maina onse anayi. Ine ndinatenga lezala. Mwana wonamiza mbale wake za imfa ya atate ake sakhala pansi pa nkhope yao, pachifuwa pa anthu makumi anayi. Osati pa ntchito ya manja anga.

Botolo lija muliike kumbuyo kwa mtsuko wa madzi, pozizira. Likatsegulidwa silikhalitsa miyezi itatu.

Ndine,
Dyness


Jeppe, Joni
17 Sepitembala 2023

Amai,

Ndakondwa kumva kuti mukuyenda mpaka kudimba popanda ndodo. Ine chifuwa chidakalipo, ndipo zala zayamba kusupuka, koma zikugwirabe cholembera monga mukuonera.

Kalata yanu ndinaiwerengera ku ntchito, ndinaseka mpaka Nchimunya anayesa ndikulira. Ndiye kuti Tisauke anapaka bwinobwino, naika pansi pa bedi, napita ndi mwana ku sikelo. Inu mukusesa mwapeza chinthu chonyowa mumdima, mwati, "Ichi chichita nkhungu," mwakachiyanika pathandala pamodzi ndi mbale. Amai inu! Zaka zonsezi chonyowa chilichonse mumachipereka kwa dzuwa, ndikudziwa. Koma chimenechi chokha dzuwa ndiye mdani wake. Chauma chonse, palibe chimene chingatsegukenso ngakhale mutathira mtsinje wonse wa Chongwe.

Sikiriniyo musaitaye, muisunge. Ndipo mumuuze Lyford asaiyandikire ndi burashi yake ya waya. Adaononga zokwanira pakhomopo.

Yatsala imodzi, ndiye tisaseweretse. Iwe wowerenga, usanaikhudze, yamba wayesa dzuwa lanu. Tenga chidutswa cha katani yoonekera mkati, uchikoke pa kafelemu, upake, chiume mumdima. Uikepo masamba anayi a mtedza mondandalika, galasi pamwamba, uphimbe ndi katoni. Padzuwa uzikoka katoniyo pang'onopang'ono, kuti tsamba lina liwotchedwe mpaka makumi asanu, lina makumi anayi, lina makumi atatu ndi zisanu, lina makumi atatu. Limene lituluke ndi m'mphepete mwakuthwa, nambala yako ndi imeneyo.

Mwandilembera masamba awiri a za dzina lija. Mwati magazi ndi magazi. Mwati atate sangakondwe. Amai, zimene atate angakondwere nazo ndikanazimva pakamwa pao ndikanauzidwa nthawi ilipo. Basi yochoka kuno imafika ku Lusaka tsiku lachiwiri. Nthawi imeneyo mapepala anga anali amoyo. Ndikanawapeza akupuma. Ndikanawasambitsa kumaso, ngakhale kamodzi. Mwati ndikhululuke chifukwa ndine wamkulu. Ukulu wanga umakumbukika pokhululuka pokha, pouzana zoona ndimakhala mwana.

Mlungu watha kunabwera anthu ndi zibonga mumsewu wathu, kulowa shopu ndi shopu, kufunsa akunja. Bwana anatitsekera atatu m'kachipinda ka masikirini maola atatu. Tinkangomva nsapato panja. Kanali koyamba kuthokoza kuti ntchito yanga ndi ya mumdima. Musamuuze Kondwa, ali pafupi ndi mayeso.

Lendi yakwera, mwezi uno ndaikamo 400 chabe.

Dyness


Jeppe, Joni
1 Okutobala 2023

Amai,

Moni. Ndili bwino. Ndilemba mwachidule, ba Chileshe akunyamuka masana ano.

Achimwene a Dingani anandiimbira Lachitatu. Sanafunse n'komwe za chifuwa. Anangoti, "Dyness, leka vaubwana. Nizalemba neka dzina ija na maka, uzachita chani?" Ndinawauza kuti alembe pa filimupo. Inki ya maka, cholembera chonenepa chija, imaoneka yakuda m'maso mwa munthu, koma dzuwa limaipyoza. Dzina lidzatuluka ngati chipsera, theka lilipo theka palibe, ndipo anthu adzaliyang'anitsitsa kuposa ena onse. Anadula foni.

Ndamvanso kuti amene anawakaniza kugwira filimu ndi mwini dzina. Ndaona ndi kamzere kamene wadzilembera pansi pa kalata yanu: "Sisi, dzuwa yathu ni 35. Nizachita mwamene mwakambira." Usandiyese ndi ulemu, iwe. Ulemu unkafunika chaka chatha.

Kudinda kuli chonchi. M'kati mwa tisheti lowetsa katoni kuti inki isadutsire kumsana. Ika sikirini pachifuwa, wina agwire felemu mwamphamvu. Thira inki kumtunda, ukoke chopalira kamodzi kokha, mopendeketsa, osaima panjira. Ukabwereza nkhope ya atate idzada ngati ya wootcha makala. Timabowo tosafunika utitseke ndi selotepu. Yamba ndi nsanza, usayambe ndi tisheti. Zikauma, yala pepala pamwamba, usite ndi simbi ya makala mphindi zitatu iliyonse, apo ayi nkhope idzatsalira m'beseni tsiku lochapa. Ukangomaliza tsuka sikirini inki isanaume.

Amai, patsikulo mundiikireko maluwa. Asakhale apulasitiki.

Dyness


Jeppe, Joni
29 Okutobala 2023

Amai,

Kaya muli bwanji, poti ulendo uno simunandiuze. Ba Chileshe anandipatsa jumbo, ndinaikutumula kufuna kalata, munalibe. Munali tisheti imodzi yopindidwa bwino.

Ndinapita nayo ku ntchito kuti ndikaipezere cholakwa pansi pa nyali. Sindinachipeze. Timadontho tonse ta nkhope tatuluka, mpaka makwinya a pamphumi ndi kadiso kao kakumanzere kotsinzinira kaja. Bwana anaitenga, anaitembenuza, anaikoka kuti aone ngati inki ing'ambike, nafunsa kuti yadindidwa ku fakitale iti. Ndinati pabwalo, pafupi ndi khola la mbuzi. Anayesa nthabwala. Ine miyezi itatu yoyamba ndinkaononga masikirini, Tisauke wakhoza pa ulendo woyamba, mwana ali kumsana. Ndipo mpata uja uli mbee. Ngakhale m'mphepete mmene munadutsa lezala watsekamo ndi selotepu kuti pasaoneke kamzere. Kudzifufuta yekha mwaukhondo chonchi, makumi anayi onse.

Zotsalazo anandiuza achimwene, mokalipa. Ati anthu atavala, azakhali a ku Katete, alongo ao a atate, anawerenga pachifuwa pa mnzao, nawerenganso, kenako anati pamaso pa onse, "Nanga Tisauke ngwa yani? Kapena pali chimene Sanford adanena asanafe?" Ati pofika nthawi ya chakudya nkhani inali itazungulira mabenchi onse, yoti Tisauke si wa kwa Miti, yoti inu mudayenda ndi mwamuna wina chaka chija atate anali ku mapulazi a ku Chalimbana. Ati inu munakana kuvala ya nkhope, munavala yoyera yosadinda, ndipo anthu anati onani, chikumbumtima. Ati Tisauke anavala yake, nagawa chakudya mpaka kumapeto.

Amai, ine sindinanene zimenezo. Sizinandidutse n'komwe m'mutu. Ndinkafuna kuti munthu mmodzi amve kuwawa, ndipo aliyense wodziwa nkhani ya Lyford akanamvetsa. Kodi abale a ku Katete simunawauze kuti mwamuna ameneyu anali wa yani poyamba? Ndiye kuti nazonso mudabisa. Tisauke ali ndi mphuno ya atate, mwendo wa atate, ngakhale kuuma mutu kwa atate. Azakhali ali ndi maso, akanayang'ana nkhope m'malo mowerenga malaya.

Sindikupepesa kwa wowerenga. Koma inu ndiyankheni. Kukhala chete kwanu kukundisowetsa mtendere kuposa anthu a zibonga.

Ndine mwana wanu,
Dyness


Jeppe, Joni
12 Novembala 2023

Amai,

Moni ndikupatsani chifukwa mudandiphunzitsa kuti kalata imayamba ndi moni. Za umoyo wanga dziwani kuti ndilipo.

Nditangoona envelopu ndinadziwa kuti pali nkhani, poti dzanja silinali la Tisauke. Mwati munapita kwa ba Ednah a kuseri kwa chigayo kuti akulembereni, chifukwa Tisauke anakana kulemba mau amenewa, anati asiyeni sisi azida ine.

Ndawerenga katatu. Ndiye kuti uthenga uja wa phala munamuuza ndinu. Iye ankalira, ankafuna kundiimbira, inu munamulanda foni, kenako munamubwezera n'kumuuza mau oti alembe. Mwati munaopa kuti ndikafika n'kuona mimba ija, tidzamenyana pamutu pa wodwala, atate n'kupita akumva ana ao akutukwanana. Mwati munkayesa kuti atsala ndi mwezi, kuti mupeza kaye njira yondiuzira. Mwati atate anandiitana kawiri Lachiwiri lija asanatisiye, ndipo munawauza kuti ndili m'njira.

Mzere umenewo mukanausiya, amai. Ndiye kuti anapita akumvetsera kulira kwa basi yanga.

Chaka chathunthu mwandiona ndikunola mano pa mng'ono wanga, mukumva kalata zanga zikuwerengedwa ndi pakamwa pake, inu muli phee pamphasa. Masamba awiri aja a magazi ndi magazi munali ndi malo okwanira mzere umodzi woona. Munadikira mpaka manyazi agogode pa chitseko chanu. Lezala yanga inadula dzina lolakwika, koma zikuoneka kuti manyazi sanasochere, anadziwa khomo lake. Sindikondwa nazo. Ndikungonena.

Tsopano ndikulankhula ndi iwe, Tisauke. Za Lyford sindinaiwale ndipo usayembekezere. Pamenepo panalibe amene anakulanda foni. Koma atate ndi ako, ndipo ine ndilibe mphamvu yokuchotsa pa iwo.

M'kapepala kopindidwa aka muli kachidutswa ka filimu kamene ndinadula. Sindinakataye. Kakhala m'pasipoti yanga yakufa ija kuyambira Ogasiti, usandifunse chifukwa. Kapindika pang'ono, ukapanikize m'Baibulo masiku awiri. Kenako ukabwezere pa mpata wake, umate ndi selotepu yoonekera mkati, m'mphepete mokha, isakhudze zilembo. Sikirini ija amai adayanika pathandala uinyike m'mankhwala oyeretsera zovala, uitsuke ndi nsanza mpaka mabowo onse aoneke ukayang'anitsa kumwamba. Imalishoni yatsala ndi masiku ochepa isanafe, ndipo mvula yayandikira, ndiye usazengereze. Sankha tsiku lopanda mitambo. Nambala yako ukuidziwa.

Udinde imodzi yokha, yoyera ija amai anavala kumanda.

Amai, imeneyo mudzaivale kutchalitchi, mukhale kutsogolo. Pa Khirisimasi mukwere nayo basi ya ku Katete, ndalama yake ndaikamo, mukaime pamaso pa azakhali mpaka awerenge maina onse anayi. Akakafunsa za mpata uja, mukawauze nokha, kuyambira pa chikole mpaka pa phala. Musakatume munthu, ndipo musakadumphe mzere.

Dzina lanu ndalisiya pamene lili, pansi pa la atate. Lezala ija ndinataya. Musayese chifundo, inabuntha.

Dyness